Kamphaka kokana chakudya chofewa: njira zomwe ndinayesa ndi mmene zimasiyanirana

Kamphaka kathu koyamba kanachokera ku Katete m'katoni ya sopo, kali ndi milungu pafupifupi 7. Azakhali ndi amene anakatumiza, atamva kuti makoswe aboola matumba a mtedza omwe tinasunga m'chipinda chakumbuyo. Kumudziko kanali kakuyamwabe, nthawi zina n'kumanyambita nsima yoviika mumsuzi yomwe ana ankakagwetsera. Katafika kuno ku Kapata, mumzinda wa Chipata, ndinapita ku Shoprite kukagula timapaketi ta chakudya chofewa cha ana amphaka, ndinatsegula kamodzi, n'kuthira m'mbale. Kanabwera, kananunkhiza, kanapalasa simenti ndi mwendo wakutsogolo ngati kakufuna kukwirira, kenako kanakabisala kunsi kwa kabati. Usiku wonse kanalira ndi njala chakudya chili pompo.

Kuyambira nthawi imeneyo ndalera tiamphaka tingapo, ndipo malangizo ndalandira ochuluka: kwa aneba, kwa agogo, kwa a vetenale, kwa anzanga oweta nkhuku. Ena anandithandiza, ena akanandiphetsa kanyama. Chimene ndaona n'chakuti kamphaka sikakana chakudya chifukwa cha matama, monga ambiri amanenera. Kamadya ndi mphuno, kamafuna chakudya chofunda ngati nyama yomwe yangogwidwa kumene, ndipo kamakhulupirira zokhazo zomwe kanazolowera kali kwa make. Njira iliyonse mungaiyese pa zinthu zitatuzi. Imene ikugwirizana nazo imayenda, imene ikulimbana nazo imangokutayitsani ndalama.

Mwina wina afunsa kuti kuvutikiranji, poti amphaka akumudzi amakula ndi nsima. Amakuladi, koma ambiri a iwo amasaka usiku, ndipo mbewa ndi makoswe ndizo zimawapatsa zomwe nsima ilibe. Mphaka ndi nyama yodya nyama basi. Thupi lake silipanga taurine wokwanira, chinthu chopezeka m'nyama, makamaka mumtima ndi m'minofu yakuda. Mu 1987 akatswiri a ku University of California, Davis anasonyeza kuti kusowa kwa taurine kumafooketsa mtima wa mphaka, ndipo zinali zitadziwika kale kuti kumawononganso maso mpaka khungu. Kamphaka ka miyezi iwiri sikangathe kusaka, ndiye chilichonse chomwe kakufuna chiyenera kuchokera m'mbale yanu. Chakudya chofewa chili ndi madzi pafupifupi magawo 75 mpaka 80 pa 100, pamene chouma chili ndi magawo ngati 10 okha. Amphaka samva ludzu msanga ngati agalu, ndipo pa kutentha kwa Okutobala kuno ku Chipata, madzi olowera m'chakudya ndi chitetezo chachikulu. Komanso mano a mkaka ndi ting'onoting'ono, okhazikika amayamba kumera kamphaka kali ndi miyezi 3 kapena 4, n'kumaliza cha pa miyezi 6.

Musanayese njira iliyonse, yambani mwakayang'ana kamphakako. Izi ndinaphunzira mochedwa. Kachiwiri komwe ndinalera kanali ndi chimfine, mphuno yotsekeka ndi maso amanthongo, ndipo ndinataya masiku awiri ndikusinthasintha zakudya pomwe vuto linali loti sikankamva fungo. Kamphaka kosamva fungo sikadya ngakhale mutakapatsa chiwindi. Pukutani mphuno ndi kansalu konyowetsa m'madzi ofunda, ndipo ngati mamina ali achikasu kapena obiriwira, pitani nako kwa a vetenale. Onaninso mimba. Ikakhala yotupa ngati ng'oma kamphaka kali koonda, ubweya uli nyankhalala, kawirikawiri ndi njoka za m'mimba, zomwe ana amphaka ambiri amatengera kwa mayi awo poyamwa. Tsegulani pakamwa muone nkhama. Ziyenera kukhala zofiirira bwino, zikakhala zotuwa ndiye kuti magazi achepa, ndipo utitiri wochuluka umachita zimenezi pa kanyama kakang'ono. Zilonda pa lilime nazonso zimaletsa kudya. Ndipo ngati kamphaka sikanakwanitse milungu 4, nkhani ya chakudya chofewa isiyeni kaye, kakufunika mkaka wopangira ana amphaka.

Pano ndinenepo chinthu chimodzi chomwe chimandiwawa mtima. Musapatse mphaka Panado, Panadol kapena mankhwala alionse okhala ndi paracetamol, ngakhale kachidutswa. Chiwindi cha mphaka sichitha kuwachotsa m'thupi, ndipo piritsi limodzi limapha mphaka wamkulu. Anthu amachita zimenezi chifukwa cha chifundo, poona kanyama kakudwala, koma mapeto ake ndi maliro.

Njira yomwe mudzaimva koyamba kwa aliyense ndi yakuti kasiyeni, njala ikakapweteka kadya kokha. Kwa galu wamkulu mwina zimatheka. Kwa kamphaka ayi. Thupi lake ndi laling'ono, lilibe mafuta osunga, ndipo shuga wa m'magazi amatsika msanga. Kamayamba kufooka, kuzizira, kugona osadzuka, ndipo kakafika pamenepo mphamvu zodyera zimakhala zitatha. Ngakhale mphaka wamkulu akakhala masiku angapo osadya, mafuta amadzaza m'chiwindi n'kudwala matenda oopsa. Kamphaka kakatha tsiku lathunthu osalawa kanthu, imeneyo ndi nkhani ya a vetenale, ndipo kwa kakang'ono ka milungu 6 kapena 7 sindidikira n'komwe kuti tsiku likwane. Njira iyi ndi yotchipa, n'chifukwa chake imafala, koma ndikukupemphani kuti musaiyese.

Pali njira ina yofanana nayo pang'ono koma yosiyana kwambiri, ndiyo kuika nthawi ya chakudya. Ngati mbale ya chakudya chouma imakhala yodzaza tsiku lonse, kamphaka kamangotolatola, ndipo chofewa chikabwera kalibe chifukwa chochiyesera. Chotsani mbaleyo, muzipereka chakudya kanayi patsiku: m'mawa, masana, madzulo ndi pokagona. Pa nthawi iliyonse yambani ndi chofewa, dikirani mphindi 15 kapena 20, ndipo kakakana kapatseni chomwe kanazolowera kuti kasagone ndi njala. Apa kamphaka kamafika pambale kali ndi chilakolako koma sikavutika. Njirayi payokha siimaliza ntchito, koma njira zina zonse zimayenda bwino ikakhalapo. Vuto lake ndi la anthu ogwira ntchito kutali. Ngati mumachoka m'mawa n'kubwera dzuwa litalowa, pafunika wina pakhomo wodziwa nthawi ya masana, kaya ndi mwana wochokera kusukulu kaya ndi agogo.

Njira yomwe inapulumutsa kamphaka ka ku Katete ndi yofunditsa chakudya, ndipo ndimaiika patsogolo pa zonse chifukwa siifuna ndalama ndipo zotsatira zake mumaziona tsiku lomwelo. Thupi la mphaka limatentha madigiri 38 mpaka 39, mkaka wa make umatuluka wofunda choncho, ndipo nyama yogwidwa kumene imakhalanso chimodzimodzi. Chakudya chozizira, makamaka chochokera mufiriji, chimakhala chopanda fungo kwa iye. Lilime la mphaka silimva kutsekemera n'komwe, zomwe akatswiri a ku Monell Chemical Senses Center ku Philadelphia anafotokoza mu 2005, ndiye chomwe chimamukoka ndi fungo la nyama ndi mafuta. Kutentha pang'ono kumatulutsa fungolo.

Kachitidwe kake n'kosavuta. Ikani supuni imodzi ya chakudya m'kapu, kapuyo muiike m'mbale ya madzi otentha kwa mphindi zochepa. Kapena thirani madzi ofunda supuni imodzi pachakudyacho n'kuphwanya ndi foloko mpaka chikhale ngati phala. Ine ndimakonda yachiwiriyi chifukwa imakonza zinthu ziwiri nthawi imodzi: kufunda ndi kufewa. Kamphaka komwe kangosiya kuyamwa kamadziwa kunyambita, kutafuna sikanaphunzire bwino, ndiye phala lamadzimadzi kamalilandira msanga kuposa zidutswa. Madzi otsala m'ketulo ya tiyi wam'mawa ndi okwanira, simufunika kuyatsa mbaula mwapadera. Yesani ndi chala chanu kapena kuseri kwa dzanja, monga amayi amayesera phala la mwana. Likakuotchani inu, kamphaka kadzapsa lilime ndipo kadzaopa mbaleyo kwa masiku. Musaike chakudyacho pamoto mwachindunji, chimapserera pansi pamwamba pali pozizira.

Ine tsiku lachiwiri lija ndinachita zimenezi m'mawa, ndinaika kasosala pansi pafupi ndi kabati, n'kukhala patali osakayang'ana. Kanatuluka, kananyambita katatu, kanabwerera, kenako kanabweranso n'kumaliza. Sindidzaiwala mpumulo womwe ndinamva.

Mbale ndi malo zilinso ndi gawo lake, ngakhale laling'ono. Sosala yathyathyathya imaposa bakuli lakuya, chifukwa kamutu kakang'ono sikafika pansi bwino. Mbale yapulasitiki yakale imasunga fungo la sopo ndi mafuta, yadothi yopaka kapena yachitsulo imatsukika bwino. Musaike chakudya pafupi ndi pomwe kamadzithandizira, kapena pomwe galu ndi nkhuku zimadutsa. Kamphaka kamantha sikadya.

Tsopano kusakaniza pang'onopang'ono, njira yochedwa koma yodalirika kuposa zonse kwa kamphaka komwe kakana ngakhale chofunda. Mumayamba ndi chomwe kakudya kale, kaya ndi chouma, kaya ndi nkhuku yophika, kaya ndi nsima yamsuzi ya kumudzi ija, n'kuikamo chofewa chochepa kwambiri, ngati nsonga ya supuni yaing'ono. Kakadya osadandaula masiku awiri, mumawonjezera. Cha pa tsiku lachinayi kapena lachisanu zimakhala theka ndi theka, ndipo pakatha masiku 7 mpaka 10 chakale chimakhala chitachoka. Kakakana pa sitepe ina, bwererani pomwe kanadya, mukhalepo masiku ena awiri. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Ubwino wina wa njirayi ndi wakuti mimba imazolowera, pakuti kusintha chakudya mwadzidzidzi kumatsegula m'mimba, ndipo kutsegula m'mimba kumatha madzi m'thupi la kamphaka mofulumira.

Kuipa kwake ndi kuwonongeka kwa chakudya. Paketi imodzi imakhala ya magalamu 85, ndipo masiku oyambawo mukugwiritsa ntchito nsonga ya supuni yokha. Chotsalacho mufiriji, chotsekedwa bwino, chimakhala tsiku limodzi kapena awiri. Malaiti akapita kwa maola ambiri, kapena ngati pakhomo palibe firiji, paketi yotsegula m'mawa nthawi yotentha musaidalire kufika mawa. Amene ali ndi mphaka wina wamkulu alibe vuto, wamkuluyo amamaliza. Amene alibe, ndi bwino kugwirizana ndi mnansi woweta mphaka, kapena kuzindikira kuti mapaketi angapo oyamba adzatayika ndithu. Pa chifukwa chomwechi ndimati gulani timapaketi tating'ono osati chitini chachikulu, ngakhale chitini chikuoneka chotchipa pa galamu. Chotsika mtengo chomwe mutaya theka lake chimakhala chodula.

Tiamphaka tina sitifuna zosakaniza, timachotsa timibulu touma n'kusiya chofewa, kapena timakana mbale yonse. Kwa totero ikani mbale ziwiri moyandikana, china uku china uko. Masiku oyamba chofewacho sichikhudzidwa, koma fungo lake limayamba kugwirizana ndi nthawi ya kudya, ndipo tsiku lina mudzapeza chanyambitidwa m'mphepete.

Ngati kamphaka kanazolowera chouma chokha, pali mlatho wabwino: kuviika timibuluto m'madzi ofunda kwa mphindi 10 mpaka 15 kuti tifewe. Fungo ndi lomwe kakudziwa, chasintha ndi kufewa kokha. Kakazolowera kudya zofewazo, kuikamo chakudya cha m'paketi kumakhala kosavuta. Ndipo kwa banja lomwe thumba silikulola kugula mapaketi mwezi ndi mwezi, chouma cha ana amphaka choviika ndi malo abwino oimapo, chifukwa chili ndi zonse zofunika ndipo madzi mwawonjezera nokha. Chokhacho, chikanyowa chimawonongeka msanga ngati chofewa chilichonse.

Apa nditchule za nyengo yathu. Kuyambira Seputembala mpaka mvula itagwa, chakudya chofewa chisakhale m'mbale kupitirira theka la ola kapena ola limodzi. Ntchentche zimaikira mazira, pamwamba pamauma, fungo limasintha, ndipo kamphaka komwe kanunkhiza chowawasa kamodzi kamakana mtundu umenewo kwa nthawi yaitali. Nyerere mungazigonjetse poika sosala ya chakudya m'kati mwa mbale yokulirapo yokhala ndi madzi pang'ono. Mu Juni ndi Julayi vuto limatembenuka, chakudya chimazizira kamphaka kasanamalize, ndiye perekani pang'ono pang'ono.

Njira yomwe anthu a kuno amaikonda kwambiri ndi ya kapenta, ndipo ndiyenera kuikambapo mofatsa chifukwa ili ndi mbali ziwiri. Palibe kamphaka komwe ndinaona kakukana fungo la kapenta. Mukatenga tiwiri kapena titatu, kuviika m'madzi kuti mchere uchoke, kuphika pang'ono, kusinja n'kuwaza pamwamba pa chakudya chofewa, kamphaka kamayamba ndi kunyambita kapentayo ndipo mosazindikira kamadya ndi zapansi. Usipa wochokera ku Malawi kudzera pa Mwami umagwiranso ntchito yomweyo. Monga nyambo, kapenta amaposa chilichonse pa liwiro, ndipo pa msika wa Kapata kapena ku Saturday Market simungamusowe.

Koma nyambo isasanduke chakudya. Kapenta wouma nthawi zambiri amakhala ndi mchere wochuluka kwa impso zazing'ono. Nsomba zambiri zosaphika zili ndi chinthu chomwe chimawononga vitamini B1 m'thupi, ndipo mphaka wosowa vitamini ameneyu amayamba kudzandira, kupinda khosi ndi kukomoka. Kuphika kumathetsa vutoli, n'chifukwa chake ndimati muziphika. Chachitatu, ndipo ichi ndinachiona ndi maso kwa mlamu wanga, kamphaka kozolowera kapenta tsiku ndi tsiku kamafika pokana china chilichonse. Mwathetsa vuto limodzi n'kubala lalikulu. Choncho kapenta ndimamugwiritsa ntchito masiku atatu kapena anayi, tsiku lililonse n'kumachepetsa, mpaka atatha.

Nyambo yomwe ndimaikhulupirira kuposa kapenta ndi msuzi wa nkhuku wopanda kanthu. Pophika nkhuku, patulani kachidutswa musanathire mchere, anyezi, adyo kapena zokometsera, muwiritse m'madzi okha. Msuziwo ndi womwe mumafewetsera chakudya m'malo mwa madzi ofunda. Fungo lake silolimba ngati la nsomba, ndiye kamphaka sikamangirira pa ilo, komanso taurine wina amene amatuluka m'nyama powira amakhala mumsuzimo. Chenjezo lalikulu lili pa anyezi ndi adyo. Zimawononga maselo ofiira a magazi a mphaka, zikhale zaziwisi kapena zophika, ndipo ndiwo zathu pafupifupi zonse zili ndi anyezi. Msuzi wa m'poto wa banja, ngakhale ukome bwanji, si wa kamphaka. Nsomba za m'chitini zamsuzi wa tomato nazonso zili ndi mchere ndi zokometsera, ndimazipewa.

Mkaka wa ng'ombe ambiri amauyesa nyambo yabwino, ndipo kamphaka kamaumwadi mokondwa. Koma kakasiya kuyamwa, mimba yake imachepa mphamvu yogaya shuga wa mumkaka, ndipo zotsatira zake ndi kutsegula m'mimba. Sindiuika m'gulu la njira.

Kudyetsa ndi chala ndi njira ya kamphaka kamantha kapena kakang'ono kwambiri. Mumapaka chakudya pang'ono pansonga ya chala, n'kukhudza pamlomo pake. Kamanyambita kuti kadzipukute, ndipo kakamva kukoma kamatsatira chalacho. Mumatsitsa chala pang'onopang'ono mpaka chifike pasosala. Ena amapaka pamwendo wakutsogolo, poti mphaka salola litsiro pathupi pake. Imafuna kukhala pansi ndi kudekha, mphindi 10 kapena 15 pa chakudya chilichonse, koma imamanganso chibwenzi, ndipo ana apakhomo amaikonda akaphunzitsidwa kusamba m'manja asanayambe ndi akamaliza. Chimene sindivomereza ndi kukakamiza, kutsegula pakamwa ndi mphamvu n'kuthiramo chakudya ndi sirinji. Chakudya chikalowera kumapapo kamphaka kamadwala chibayo, ndipo ngakhale zitapanda kutero, kamayamba kudana ndi chakudyacho ndi inu yemwe. Sirinji ndi ya kamphaka kodwala, ndipo a vetenale ndi amene ayenera kukuonetsani kagwiridwe kake.

Mphaka wamkulu wodya bwino ndi mphunzitsi woposa ife tonse. Ana amphaka amatengera zomwe akuona mayi awo akudya. Ngati make alipo, kapena pali mphaka wina wofatsa pakhomo, adyere pafupi, aliyense ndi mbale yake.

Nanga kusintha mtundu wa chakudya? Apa ndi pomwe ndalama zimathera ngati simusamala. Zakudya zofewa zimabwera mosiyana: china chosalala ngati chiponde, china cha tizidutswa mumsuzi, china cha tizidutswa mu jelly. Tiamphaka tambiri timanyambita msuzi n'kusiya zidutswa, ndipo mwini amaganiza kuti kadya pomwe kamwa madzi okha. Musanagule mtundu wina, phwanyani zidutswazo ndi foloko. Kawirikawiri vuto limathera pomwepo. Ngati mwafunditsa, mwaphwanya, mwasakaniza kwa sabata ndipo sizikuyenda, ndiye yesani kukoma kwina, nkhuku m'malo mwa nsomba, kapena kampani ina, paketi imodzi yokha poyamba. Kusintha tsiku lililonse kumaphunzitsa kamphaka kuti kakakana, chatsopano chibwera. Komano kakayamba kudya bwino, ndi nzeru kukazoloweretsa mitundu iwiri kapena itatu kadakali kakang'ono, chifukwa m'masitolo a kuno mtundu womwe mwapeza mwezi uno mwina simuupeza mwezi wamawa.

Pogula, kaya ndi Whiskas kaya ndi dzina lina, yang'anani mawu awiri papaketi. Loyamba ndi kitten, kusonyeza kuti ndi cha ana amphaka, omwe amafuna mphamvu ndi zomanga thupi zambiri kuposa akuluakulu. Lachiwiri ndi complete, kutanthauza kuti chili ndi zonse. Chikalembedwa complementary ndi chongowonjezera, sichingakhale chakudya chokhacho. Onaninso tsiku lothera ntchito, ndipo paketi kapena chitini chotupa chisiyeni pashelefu. Chakudya cha agalu musachiyese, sichipangidwa ndi taurine wokwanira mphaka.

Funso lomwe ndimafunsidwa kwambiri ndi lakuti kodi sindingangophika ndekha. Mungathe, ndipo kamphaka kokana za m'paketi nthawi zambiri kamalandira nkhuku yowiritsa yonyenyanyenya, mtima wa nkhuku, kapena dzira lophika bwino. Pa kukoma, chakudya chapakhomo chimapambana. Pa mtengo, mitima ndi nthutumba za nkhuku sizidula. Pomwe chimagonja ndi pa kukwanira kwa zofunika m'thupi, ndipo kwa kanyama komwe mafupa ake akukula nkhaniyi ndi yaikulu. Mnofu wokha uli ndi calcium wochepa kwambiri, chinthu chomwe chimalimbitsa mafupa. Mphaka wogwira mbewa amadya ndi mafupa omwe, koma kamphaka kodya mnofu wokha kwa miyezi kamakhala ndi mafupa ofewa, kamatsimphina, ndipo kamatha kuthyoka pongodumpha kuchoka pampando. Chiwindi ndi chabwino pang'ono, kamodzi kapena kawiri pa sabata, koma chatsiku ndi tsiku chimadzaza vitamini A wochuluka yemwe amawononga mafupa a khosi ndi msana. Mafupa a nkhuku ophika amasweka ngati singano, musapereke. Dzira likhale lophika, nyama ikhale yopsa.

Choncho ine chakudya chapakhomo ndimachiona ngati mlatho ndi chowonjezera. Kamphaka kakakana zonse, nkhuku yowiritsa imakasunga ndi moyo pamene mukusakanizamo cha m'paketi. Kakazolowera, gawo lalikulu likhale chakudya chokwanira cha ana amphaka, chofewa kapena chouma choviika, ndipo zapakhomo zikhale zochepa. Amene ali kumudzi kutali ndi masitolo, monga cha ku Chadiza kapena ku Vubwi, ndipo alibe njira ina koma kuphika, afunse ku ofesi ya zaziweto ya boma lawo za mmene angawonjezere calcium, ndipo asachotse kamphaka kwa make msanga. Milungu 8 ndiyo yochepetsetsa, kupitirirapo ndi bwino. Mavuto ambiri omwe ndafotokoza pano amayamba chifukwa kamphaka kanachotsedwa kadakali pabere, monga kathu kaja.

Kuti mudziwe ngati njira yomwe mwasankha ikugwira, maso okha sakwanira. Kamphaka kamabadwa ndi magalamu pafupifupi 100 ndipo kathanzi kamawonjezera pafupifupi magalamu 100 pa sabata, mwakuti pa milungu 8 kamayandikira kilogalamu imodzi. Sikelo yapakhitchini kapena yoyezera mbewu zochepa ndi yokwanira. Kaikeni m'kabakuli, muyeze tsiku lomwelo sabata iliyonse, mulembe pakalendala. Kulemera kukaima kapena kutsika, ngakhale kakuoneka kakudya, pali china chomwe chikulakwika. Ulendo wa kwa a vetenale muuphatikize ndi mankhwala a njoka za m'mimba, omwe ana amphaka amafunika kulandira mobwerezabwereza m'miyezi yoyamba, ndi katemera wa chiwewe kakakwanitsa miyezi 3.

Kamphaka katsopano kakabwera pakhomo panga lero, tsiku loyamba ndimafunsa komwe kachokera kuti kamadya chiyani, ndipo ndimakapatsa chomwecho m'chipinda chabata. Tsiku lachiwiri ndimayang'ana mphuno, mimba ndi nkhama, n'kuyamba nthawi zinayi za chakudya, chofewa chofunditsa ndi chophwanya mumsuzi wa nkhuku wopanda mchere. Kakakana ndimayesa chala. Kakakanabe ndimayamba kusakaniza, ndipo kapenta ndimamusunga mpaka nditaona kuti pafunika kukankha pang'ono. Kugula mtundu wina kumabwera pamapeto. Ka ku Katete kaja kanatenga masiku awiri. Kachimfine kanatenga pafupifupi milungu iwiri, ndipo kanayamba kudya bwino mphuno itatseguka. Kachitatu, komwe ana anakatola m'ngalande nthawi ya mvula, sikanafune njira iliyonse, kanangogwera m'mbale tsiku lomwelo.

Azakhali atabwera kudzationa pambuyo pa zokolola, anapeza mphaka wawo atagona pamwamba pa matumba a mtedza. Anamunyamula, namuyeza m'manja, nandifunsa kuti, "Mwana wanga, ameneyu mukumudyetsa chiyani?" Ndinawaonetsa sosala ndi ketulo. Pobwerera ku Katete anatenga timapaketi tinayi, chifukwa make wa mphakayo anali ndi bere lina.